Musanathiritsenso gasi m'firiji yanuyo, werengani kaye apa

Mayi, mwati firiji yanu yosungiramo nsomba ndi mafirizesi yathiridwa gasi kawiri chaka chino ndipo yasiyanso kuumitsa, ndiye mukufunsa ngati muthiritsenso kapena mungogula ina. Mwafunsanso za kachizindikiro ka moto komwe mukukaona kumbuyo kwa mafiriji atsopano. Ndaona ena muno akuyankha kuti gasi amatha basi, monga wophikira. Pepani abale, si choncho.

Gasi wa m'firiji satha ndi ntchito. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka: kompuresa (injini ya firijiyo) imamupanikiza, amataya kutentha m'mapaipi akuda akumbuyo aja kapena m'mbali mwa firiji (n'chifukwa chake mbalizo zimafunda), kenako amadutsa m'kapaipi kopyapyala kwambiri n'kukaziziritsa mkati, n'kubwereranso ku kompuresa. Firiji yabwinobwino imatha zaka khumi ndi gasi yemwe inachoka naye ku fakitale. Akachepa ndiye kuti penapake pabooka. Kuthira wina osapeza pobookapo kuli ngati kupopa tayala la njinga osamata chubu, mawa mupopanso.

Ndiye mmisiri akabwera, musalole kuti angofikira kudula paipi. Ayambe waona ngati vuto ndi gasidi, chifukwa rileyi (kachipangizo kolizitsa kompuresa) yopsa, themositati (yoyang'anira kuzizira) yakufa, kapaipi kopyapyala kaja kakatsekeka, ngakhale magetsi obwera ofooka, zonsezi zimalepheretsa firiji kuumitsa. Akatsimikiza kuti ndi gasi, afufuze potulukira. Amisiri odziwa ntchito amapopera nayitulojeni m'mapaipi n'kupaka thovu la sopo m'malumikiziro, ndipo pobooka pamafufuma tinthovu. Nthawi zambiri pamakhalanso timafuta tamatamata tomwe tagwira fumbi, inunso mutha kutiona ndi tochi ya foni. Akawotcherera asinthe draya (kasefa kogwira chinyezi ndi zinyalala m'mapaipi), akoke mpweya ndi chinyezi ndi pampu, kenako athire gasi poyeza pa sikelo molingana ndi magalamu olembedwa pa kapepala ka firijiyo. Wothira mongogwira paipi ndi dzanja kuti "yayamba kuzizira" ameneyo mudzamuitananso.

Funso limodzi kwa inu: ayezi akaundana mumamugoba ndi mpeni? Mafiriji ambiri amabooka ndi nsonga ya mpeni. Ingoizimitsani, muikemo beseni la madzi ofunda, ayeziyo agwa yekha.

Tsopano za kachizindikiro ka moto. Onani pa kompuresa, palembedwa mtundu wa gasi. Mafiriji akalekale ankayendera R12, wowononga ozoni, chophimba cham'mlengalenga chomwe chimatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa. Pangano la Montreal la 1987 ndi lomwe linamuthetsa, ndipo m'mayiko ngati athu ano tsiku lomaliza linali mu 2010. M'malo mwake munabwera R134a. Uyu ozoni samukhudza, koma amatenthetsa dziko koopsa: kilogalamu imodzi ikathawira mumlengalenga ikufanana ndi makilogalamu 1,430 a utsi wa carbon dioxide. Tiyerekeze kuti firiji yanu imalowa magalamu 150. Akatuluka onse, n'chimodzimodzi kuwotcha malita oposa 90 a petulo, ndipo kwa inu zachitika kale kawiri. Wa mafiriji akuluakulu a m'mabutchala ndi m'masitolo, R404A, ndiye woposa, amafika makilogalamu 3,922. R410A wa m'maeyakoni ndi 2,088.

N'chifukwa chake mu Okutobala 2016 mayiko anakumana ku Kigali, Rwanda, n'kugwirizana zochepetsa magasi a mtunduwu. Malawi inavomereza mu 2017. Gulu lomwe tilimo linayenera kusiya kuonjezera kuchuluka kwake kuyambira 2024, kuchepetsa ndi 10 peresenti mu 2029, mpaka kuchepetsa ndi 80 peresenti pofika 2045. Akatswiri amati zikatsatidwa bwino, kutentha kwa dziko kungapewedwe ndi pafupifupi theka la digiri pofika 2100. Theka likumveka laling'ono, koma amene anaona namondwe Ana atagumula Kapichira mu Januwale 2022 n'kutisiya mumdima miyezi yambirimbiri, kapena Freddy mu Malichi 2023, sangaseke nkhani ya nyengo. Kwa inu wamalonda tanthauzo lake ndi lachidule: R134a azinka nasowa, ndipo chosowa sichitsika mtengo.

Mafiriji a kachizindikiro ka moto aja amayendera R600a, ena a bizinesi R290. Awa mphamvu yawo yotenthetsa dziko ndi 3 yokha poyerekeza ndi 1,430 ya R134a, ndipo kawirikawiri sadya magetsi ambiri. Amayaka moto, zoona, koma m'firiji ya panyumba amalowamo ochepa, osapitirira magalamu 150, nthawi zambiri osafika n'komwe 100. Ngozi imabwera mmisiri akayatsa moto wowotcherera asanatulutse gasi yense panja pa mphepo. Ndipo chonde musalole munthu kuthira R600a m'firiji ya R134a, kapena R134a m'firiji ya R600a, ati poti ndi amene ali naye m'chikwama. Makompuresa ake ndi osiyana kukula, mafuta akenso ndi osiyana. Koposa zonse, gasi wophikira asayandikire firiji yanu ngakhale akuuzeni kuti ndi wotchipa.

Za mayunitsi a ESCOM ndingonena mwachangu. Firiji isagunde khoma, musiye mpata wolowa dzanja, isakhale padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, ndipo fumbi la m'mapaipi akumbuyo muzilipukuta. Labala wa chitseko muyeseni ndi K1,000 yapepala: itsekereni pakati n'kuikoka. Ikangosololoka osagwira, kuzizira kukuthawira pamenepo ndipo kompuresa ikulira usana ndi usiku pachabe. Nsomba zimasungika bwino pa madigiri -18. Magetsi akathima musamatsegulatsegule, ndipo akabwera dikirani mphindi 5 musanaiyatse, kapena gulani kachipangizo kotetezera firiji komwe kamadikira kokha.

Ndiye mugule ina kapena ayi? Ngati pobooka pali poonekera, kumbuyo kapena pafupi ndi kompuresa, ikonzetseni kamodzi koma mokwanira. Koma mafiriji otsegula pamwamba ngati yanuyo mapaipi ake ambiri anakwiriridwa m'khoma, ndipo madzi a nsomba ndi mchere amawadyetsa dzimbiri. Akabookera mkatimo, ine ndingati musatayenso ndalama, sungirani yatsopano ya R600a kapena R290. Zakaunjika zochokera ku Johannesburg kapena ku UK zimakopa ndi mtengo, koma zambiri n'zotopa kale ndipo kusiyana kwa mtengoko mudzakulipira m'mayunitsi. Ghana inachita kuletsa kulowetsa mafiriji ogwiritsidwa kale ntchito mu 2013 pa chifukwa chomwechi. Yakaleyo musaipereke kwa anyamata ogula zitsulo kuti angodula mapaipi, funsani mmisiri yemwe ali ndi makina okokera gasi m'botolo. Jambulani kapepala ka kumbuyo ndi kompuresayo muike pansipa, tikuuzeni gasi wake ndi magalamu ake mmisiri asanafike.