Mwana wanu wamkazi akumenya mpira ndi anyamata? Kaoneleni kaye

Bambo wina wa ku Lilongwe wandilembera sabata ino, akuti mwana wawo wamkazi wa zaka 11 akangoweruka kusukulu amathamangira ku ground kukamenya mpira ndi anyamata, nde akufunsa ngati amuletse. Achimwene, funso lanuli landikhudza pamtima penipeni, mundipilire ndilankhula zambiri.

Ine mpira ndinaukonda chifukwa cha bambo anga, palibenso china. Lamlungu masana ankatulutsa wailesi pakhonde, mabatire atawayanika padzuwa kuyambira mmawa kuti asathe mphamvu game ili pakati, nkutsegula MBC, nde ikakhala derby ya Bullets ndi Manoma panalibe owalankhulitsa, ngakhale mayi ankadziwa kuti nkhani za ndiwo zidikire kaye. Iwo anali a Maule enieni, osapota Bullets. Ine ndinkakhala pansi pafupi ndi mpando wawo, wina akaphonya chigoli ankandigwira phewa nkundigwedeza ngati ndine ndaphonya, nkumandifotokozera kuti offside imakhala bwanji pojambula ndi kamtengo pa dothi. Tsiku lomwe anandinyamula pakhosi pa geti ya Kamuzu Stadium chifukwa cha chipwirikiti cha anthu, nzimbe ili mmanja, ndinadziwa kuti munthu ameneyu akundiwerengera, mpira unali njira yake yondiuzira kuti ndine mwana wake.

Koma pakhomo pomwepo panali mlongo wanga, amene ankamenya chikulunga kuposa ine kutalitali. Mpira wa majumbo ankaumanga yekha, kuukulunga ndi zingwe mpaka ulimbe, nkumadribula anyamata onse a mu layini mwathu opanda nsapato. Nthawi ya wailesi ikakwana iye ankatumidwa kukatsuka mbale. Bambo sanamuletsepo ndi pakamwa, ayi, anangokhala osamuitana, osamufunsa kuti lero wachinya zingati, ndipo pofika sekondale anali atausiya. Mpaka lero zimandiwawa, ndipo ndikunena mosabisa kuti abambo ambiri timaletsa ana athu aakazi mwanjira imeneyi, kungotembenuza nkhope basi, mwana amamva yekha kuti zomwe akuchitazo nzamanyazi.

Nde tikamati mpira ngwa anyamata tikunena dziko liti? Tabitha ndi Temwa Chawinga ndi ana a ku Rumphi konkuno. Tabitha wasewerera Inter Milan, PSG ndi Lyon, Temwa mu 2024 anachinya zigoli 20 ku Kansas City Current nkusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya ku America. Ma Scorchers, timu ya amayi ya dziko lathu, anatenga chikho cha COSAFA cha mayiko a kumwera kwa Africa mu 2023 atagonjetsa Zambia 2-1 mu final. Abambo omwewa amene timadumpha pa video show tikaona Temwa akuchinya ndi omwenso timati wanga ayi, azikhala pakhomo. Zimenezi sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono. Komanso sikuti mwana aliyense adzafika ku Ulaya, ambiri sadzafika, ine ndemwe sindinafike ngakhale timu ya pasukulu, koma thupi lolimba, anzake, kuphunzira kugonja osalira tsiku lonse, zimenezo mwana wamkazi akufunikanso.

Nde muchite chani?

Nkhawa yanu ndikuimvetsa, msungwana akamakula pakati pa anyamata kholo umaganiza zambiri. Koma musanagamule pitani Loweruka mukaime pambali pa ground, akuoneni kuti mwabwera. Dziwani amene amasewera nawo, ngati pali coach mulankhule naye maso ndi maso, mugwirizane ndi mwanayo nthawi yobwerera kunyumba ndi yolemba homework. Mufunse aphunzitsi amasewero kusukulu kwake ngati pali timu ya atsikana pafupi, ndipo mukapeza kandalama mumugulire ma boots a pa kaunjika, osaiwala kutenga saizi yokulirapo pang'ono chifukwa pa msinkhu umenewu phazi silichedwa kukula.