Achemwali, agogo amenewo ayezetseni shuga lero lomwe

Achemwali, ndawerenga uthenga wanu ndili m'basi ndipo manja akundinjenjemera, pepani ngati ndilemba mosokoneza. Agogo achitchaina amene mukuwasamalirawo, mukuti ndi owonda ngati bango, akukana tosti, akungowodzera masana onse, koma mapiritsi a shuga akumwabe m'mawa uliwonse? Musadikire Lolemba. Ine zinandionekera ku Manchester chaka changa choyamba cha care, ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo mpaka pano ndikamva fungo la phala la mpunga mtima umandigunda.

Agogo amene ine ndinkasamalira anali a zaka 83. Ndinkawaitana Popo, monga ankachitira adzukulu awo, ndiye kuti agogo obereka mayi. Anachokera kumidzi ya New Territories ku Hong Kong cha m'ma 1960, nthawi imene anthu akumeneko ankabwera ambiri kudzagwira ntchito m'malesitilanti. Moyo wawo wonse anathera kukhitchini ya takeaway, kukazinga tchipisi ndi kuphika mpunga mpaka pakati pa usiku, ndiye Chingerezi chawo chinathera pa mitengo ya zakudya ndi "thank you". Amuna awo anali atamwalira, ana ali kutali, iwo ali okha mu kafulati. Ine ndinkapitako kanayi pa tsiku, m'mawa mphindi 30, nthawi zinazo 15.

Tsiku loyamba nditaona pa care plan, chikalata chofotokoza mmene tiwasamalirire, kuti ali ndi shuga ndinaseka chamumtima. Makilo 47 okha! Kwathu timati shuga ndi matenda a mabwana a mimba, eti? Anadzandimasulira ndi nesi wina pambuyo pake, zitavuta kale. Anthu ochokera ku China shuga amawagwira thupi likadali laling'ono, chifukwa mafuta amakaunjikana m'mimba ndi kuchiwindi, osaonekera m'mikono ndi m'ntchafu. N'chifukwa chake malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zaumoyo ku England, amati kwa iwo BMI, muyeso wa kulemera kwa thupi poyerekeza ndi msinkhu, ikafika 23 ayambe kusamala, ikafika 27.5 ndiye kunenepa koopsa, pamene azungu amawawerengera 25 ndi 30. Ndipo musaseke, ife anthu akuda tili pa mndandanda womwewo. Inetu tsiku limenelo ndinakadziyeza m'chiuno.

Tsono vuto linabwera ndi mwana wawo wamwamuna. Munthu wophunzira, wa galimoto yabwino, wobwera kamodzi pa mwezi. Anawerenga pa intaneti kuti mpunga woyera umakweza shuga. Zoona, umakwezadi, sindikutsutsa. Koma iye anangofika Lamlungu lina, n'kunyamula rice cooker, thumba la mpunga la makilo 10, shuga wa mu tiyi, mabisiketi, chilichonse chotsekemera, n'kuika m'buti. M'malo mwake anasiya buledi wabulawuni, Weetabix, tchizi ndi mkaka. Kenako anaimbira ofesi ya kampani yathu, manijala n'kusintha care plan pa foni pomwepo, osafunsa GP (dokotala wawo wa nthawi zonse), osafunsa nesi, osafunsa mwini wake wa mimbayo.

Inu taganizani agogo anu a ku Dowa, zaka 83 akudya nsima, wina n'kudzawalanda ufa ndi mthiko n'kuwapatsa tchizi. Kwa Popo mpunga ndiwo unali chakudya. M'chinenero chawo cha Cantonese kudya amati sik faan, kutanthauza kudya mpunga, ndipo moni wawo weniweni ndi kufunsana ngati mwadya mpunga. Monga ife, ukadya tchipisi umanenabe kuti ndagona ndi njala. Mkaka wozizira unkawatsegula m'mimba. Ngakhale madzi ozizira sankamwa, ankafuna otentha basi. Koma sankakana poyera, apa ndi pamene muyenera kuchenjera. Ankamwetulira, kugwedeza mutu, "ok, ok", ine ndikatuluka tosti ija n'kuikulunga mu tishu n'kuiponya mu bini pansi penipeni.

Masiku 9 ndikulemba kuti sakudya. Ofesi ndinaimbira katatu. Yankho lake lomwelomwelo, akuti ndi zofuna za banja. Koma mapiritsi a shuga ndinkawapatsabe, metformin ndi gliclazide, chifukwa MAR chart, pepala losainapo ukapereka mankhwala, ikakhala yosasainidwa wolakwa ndi iwe. Panalibe anandiuzapo kuti gliclazide amakankha thupi kutulutsa insulin, amene amatsitsa shuga m'magazi, kaya munthu wadya kaya sanadye. Training yathu ija ya pa kompyuta, yongodina next, next, inanenapo zimenezi? Ayi ndithu.

Linali Lachinayi, mu Januwale, cha m'ma 7 koloko, kunja kudakali mdima. Key safe, kabokosi kosungiramo kiyi pakhomo, itauma ndi chisanu, ndinalimbana nayo mpaka chala kusupuka. Kulowa m'nyumba kuli zii. Masiku onse ndinkapeza TV ikulankhula Cantonese, tsiku limenelo ayi. Kuchipinda ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, atapendekera kukhoma, thukuta lili kamukamu pamene hita anali atazimitsa poopa bilu. Naiti yonse itanyowa. Nkhope itayera ngati phulusa, manja akunjenjemera, akulankhula mofulumira ndi munthu amene kunalibe, maso ali pakona ya chipinda. Ndinawagwira phewa, anandikankha. Munthu wofatsa uja, amene ankandiikira malalanje m'chikwama mobisa, anandikankha ngati sakundidziwa. Ndinaganiza sitiroko. Ndinaganiza kuti andifera m'manja ndipo apolisi ayamba ndi ine. Ndisaname, ndinaganizanso za visa yanga, Mulungu andikhululukire.

Kamakina koyezera shuga kanali mu dirowa. Ife anatiuza kuti tisamabaye munthu chala, si ntchito yathu. Ndinabaya. Koyamba magazi sanatuluke, zala zili zozizira ngati za mtembo, ndinazifikisa m'manja mwanga, n'kubayanso. 2.3. Pansi pa 4 paliponse ndi ngozi, iwo ali pa 2.3. Ndinathamangira kukhitchini, kutsegula makabati onse, mulibe shuga, mulibe jamu, mulibe juwisi, mwana uja anasesa zonse. Weetabix yekha akundiyang'ana. Ndinangoti kakasi pakati pa khitchini, kenako ndinakumbuka kakatoni ka juwisi wa malalanje kamene ndinagulira lanchi yanga. Ndinaimba 999, nambala yoitanira ambulansi, foni n'kuiika pa pilo, mkono umodzi ndawachirikiza msana, winawo ndikuwamwetsa pang'onopang'ono ndi supuni chifukwa stiro ankailuma. Mwayi wake ankameza. Wa 999 akufunsa ngati akudziwa kumene ali, ngati akulankhula zomveka, ine ndiyankha bwanji poti ngakhale ali bwino sindimamva zimene amalankhula? Nthawi yomweyo app ya ofesi ikulira kuti ndachedwa kwa kasitomala wotsatira. Ndinkapemphera m'Chichewa mokweza, iwo akubwebweta m'Chihakka, chinenero china cha kwawo, mayi wa 999 akulankhula Chingerezi, atatu m'chipinda chimodzi osamvana.

Patatha mphindi 15 ndinabayanso, 3.1. Ndinagogoda kwa neba ndili ndi masokosi okha, anandipatsa shuga mu kapu, ndinasungunula m'madzi ofunda. Kubayanso, 4.6. Thukuta linayamba kuuma, maso anabwerera, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandigwira dzanja n'kunena motsitsa, sik faan. Ndinalira ngati mwana. Ambulansi inafika iwo atakhala tsonga, akuchita manyazi ndi naiti yonyowa ija.

Kuchipatala nakonso zinandipsetsa mtima. Anaitana womasulira wa pa foni, wa Mandarin, chinenero china cha ku China. Popo amalankhula Hakka ndi Cantonese. Zili ngati kumufunsa wa ku Nsanje m'Chiswahili n'kumadabwa kuti sakuyankha. Sanayankhe zomveka, wina n'kulemba kuti mwina ali ndi dementia, matenda oiwalaiwala. Anadzakonza ndi mdzukulu wawo wamkazi atafika madzulo, n'kupeza kuti agogo akukumbukira ngakhale mtengo wa chop suey wa zaka 40 zapitazo. Ndi mdzukulu yemweyo amene anatulukiranso kuti kuyambira tsiku lomwe mwana wawo anawaopseza kuti adzadulidwa mwendo, Popo ankawiritsa bitter melon wouma n'kumamwa ngati tiyi usiku uliwonse. Chipatso chowawa chija chimene amakhulupirira kuti chimatsitsa shuga. Ndiye onani, chakudya palibe, gliclazide alipo, mankhwala achikuda alipo. Akanalekeranji kugwa? Dokotala anawasiyitsa gliclazide tsiku lomwelo, ndipo anauza mdzukuluyo kuti kwa nkhalamba yofooka shuga wotsika ndi woopsa kuposa wokwerako pang'ono, chifukwa amagwetsa munthu, kuthyola chiuno, ngakhale kumupha ali m'tulo.

Mukuganiza kuti ofesi inandithokoza? Lolemba lake anandiitanira ku miting'i. Manijala, cholembera m'manja, mafunso atatu. Unabayiranji chala usanaphunzitsidwe? Unamwetseranji kasitomala chakumwa chako chosalembedwa pa care plan? Unachedweranji kwa makasitomala atatu otsatira? Ndinamukumbutsa kuti ndinaimba katatu kunena kuti sakudya. Iye akuti palibe paliponse pamene zinalembedwa. Mayi ameneyo! Anandiyang'ana m'maso n'kunena zimenezo, akudziwa bwino lomwe kuti ndinkalankhula ndi iye yemweyo. Anandidula mashifiti milungu iwiri, akudziwa kuti sponsorship ya visa yanga ili m'manja mwake ndipo sindingapite kulikonse. Lendi ya mwezi umenewo ndinachita kukongola kuchipeleganyu cha azimayi a kutchalitchi. Ndiye mwana uja? Analemba kalata yodandaula kuti carer wapatsa shuga munthu wa shuga. Munthu amene anasiya mayi ake ndi Weetabix n'kupita osaimbanso foni sabata yonse. Mpaka lero zikomo wake sindinamumve, ndipo ndikamuona dzina lake likutuluka mu maimelo akale ndimatseka foni.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri si iwowo ayi. Ndi choti Popo anali chete masiku onse 9 aja, njala ikuwapweteka, chifukwa sankafuna kuchititsa manyazi mwana wawo pamaso pa mlendo. Mbadwo umenewu ndi wopirira mopitirira. Kudandaula amakuona ngati kulemetsa ana. Anzawo onse anali ku Chinatown, cha ku Faulkner Street kuja kuli chipata chachikulu chokongola, kumene kale ankapita kukasewera mahjong ndi kudya dim sum, koma bondo litayamba kuvuta anatha zaka ziwiri osapondako. Munthu amene ankaima maola 12 kukhitchini tsopano akungokhala pampando tsiku lonse, osayenda, osalankhula ndi munthu, shuga ndi BP zilekerenji kukwera? Komanso za mchere musaiwale. Soy sauce, nsomba zamchere, masamba oviika mumchere, zonsezo amazikonda, pamene NHS, nthambi ya zaumoyo ya boma ku UK, imati munthu asapitirire magalamu 6 a mchere pa tsiku. Mwana uja anatenga mpunga n'kusiya mabotolo atatu a soy sauce pa shelefu. Nzeru za pa intaneti zimenezo.

Ndiye achemwali, mverani ine. Musachite chilichonse chimene sichili pa care plan. Musabaye chala ngati sanakuphunzitseni, auzeni akuphunzitseni kapena atumize district nurse, nesi woyendera odwala m'makomo. Chilichonse lembani pa imelo, foni siisiya umboni. Lembani kuti sakudya, masiku angati, mapiritsi ati, ndipo mukufuna GP awaone. Pemphani womasulira ndipo tchulani chinenero chake chenicheni, afunseni abale ngati ndi Cantonese, Hakka kapena Mandarin, chifukwa ngakhale amene abwera posachedwa kuchokera ku Hong Kong pa visa ya BN(O) kuyambira 2021 ambiri ndi a Cantonese. Suzumirani m'makabati ngati muli timapaketi ta mizu ndi masamba, jambulani, muonetse pharmacist, zina monga dong quai zimalimbana ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Ndipo musawazolowere kwambiri makasitomala, ntchito ino imaswa mtima.

Komabe kakatoni ka juwisi kasachoke m'chikwama mwanu, kaya care plan ikuti chiyani. Mukapeza thukuta, kunjenjemera, kubwebweta, ndipo akutha kumeza, amwetseni kapu yaing'ono, imbani 999, za miting'i mudzaziona pambuyo. Ngati akomoka musawathire kanthu m'kamwa, agonekeni chammbali. Ine Popo atatuluka m'chipatala sindinadikire kuti dietitian, katswiri wa zakudya, alembe. Ndinkabwera ndi mpunga wanga m'kachitini, kuphika mu kapoto pa ulendo wa masana, kambale kakang'ono, masamba ambiri, kansomba kapena tofu pambali. Tsiku lina ndinawaphikira wa Kilombero umene anandibweretsera mlamu wanga kuchokera kumudzi, ananunkhiza n'kukweza chala chachikulu. Dietitian atabwera ananena zomwezo, mpunga wochepa koma osausiya, ndipo phala lawo lija la congee limakweza shuga msanga chifukwa ndi lofewa, ndiye muziikamo dzira kapena nyama. Akanandigwira nthawi imeneyo bwenzi ntchito itatha, ndikudziwa, inu musatengere ine.

Ndatsala pang'ono kutsika. Tsegulani bokosi la mankhwala muwerenge maina, mukaona gliclazide kapena insulin pamene munthuyo sakudya, imbirani GP, ngati atseka imbani 111, nambala ya uphungu wa zachipatala, musanapereke ena mawa m'mawa. Mundilembere ku inbox mundiuze nambala imene makina awonetsa nesi akawayeza, ndimaliza shifiti 10 koloko.