Funsani Makaniko: fyuluta iti pa njinga yamoto yoyenda m'fumbi?

Funso: Ndimachita kabaza ku Mitundu. M'mawa ndimayenda pa tala, koma masana ambiri ndimalowa m'midzi, misewu yafumbi lokhalokha. Fyuluta ya mpweya yang'ambika. Mnzanga wa pa siteji akuti ndigule ija yooneka ngati fanulo yokhala panja, akuti njinga ithamanga. Kushopu kuli yapepala ndi yasiponji. Ndigule iti?
Wakabaza, Mitundu

Yankho: Achimwene, yafanuloyo isiyeni kushopu komweko. Imakongola, ndipo njinga imalira mokoma ukaiika, koma kulirako si mphamvu. Ambiri mwa mafyuluta amenewo ndi kansalu kathonje pakati pa waya, opangidwira njinga za pa tala. Amalowetsa mpweya wambiri, nalonso fumbi losalala lija limadutsa. Komanso mukachotsa bokosi la fyuluta, mvula ndi matope zimagwera pomwepo, ndipo kabuleta, kachipangizo kosakaniza mafuta ndi mpweya, imayamba kupereka mafuta ochepa poyerekeza ndi mpweya, injini n'kumatentha.

Pa lita imodzi ya petulo injini imameza mpweya wokwana malita pafupifupi 9,000. Tangoganizani mpweya wonsewo mukuutenga mu Okutobala, muli kumbuyo kwa lole ya mchenga. Fumbi likalowa limasakanikirana ndi oilo n'kumapala silinda ndi maringi ngati sandipepa. Pakapita miyezi njinga imayamba kufuka utsi kumbuyo, kudya oilo, ndi kulephera chitunda mutakweza munthu mmodzi yekha.

Pa msewu wanuwo ine ndisankha yasiponji. Si mwangozi kuti njinga zam'tchire monga Yamaha AG 200 ndi DT 125, zimene alangizi amayendera kumidzi, zimabwera ndi siponji. Koma mumvetse bwino: chogwira fumbi si siponjiyo, ndi oilo amene wapakidwamo. Siponji youma ili ngati sefa ya ufa, zosalala zonse zimadutsa. Chaka chatha mnyamata wina anandibweretsera njinga yosakwana chaka, ikufuka. Anandionetsa fyuluta monyadira, yoyera mbee, akuti amachapa Loweruka lililonse. Ndinapisa chala m'paipi ya labala yopita ku kabuleta, chala chinatuluka chofiira ndi dothi. Ankachapa ndithu, koma palibe anamuuza zopakamo oilo. Zinandipweteka, chifukwa njingayo anali asanamalize kulipira.

Kasamalidwe ka siponjiyo ndi aka. Itsukeni m'palafini, kenako m'madzi asopo, muiyanike pamthunzi iume gwa. Petulo ayi, amaononga guluu wolumikiza siponji, komanso ndi ngozi ya moto. Ikauma, iikeni m'jumbo, thiranimo oilo wa fyuluta pang'ono, n'kumafinya mpaka alowerere paliponse. Akasowa oilo ameneyo, wa injini watsopano amathandiza, ngakhale amatsetsereka msanga. Finyani m'manja, osapotokola ngati mukuchapa malaya, imang'ambika. Isadonthe. M'mphepete mmene imakhudzana ndi bokosi mupakemo girizi pang'ono, poti fumbi lambiri limazembera m'mbali. Nyengo yafumbi muziiona sabata iliyonse.

Yapepala si yoipa. Imasefa bwino kwambiri, ndipo kwa munthu woyenda pa tala m'tauni ndiyo yosavuta. Vuto lake ndi lakuti m'fumbi imatsekeka msanga ndipo sichapidwa. Ikanyowa yatha, ikadzaza mumagula ina. Ikatsekeka njinga imamwa mafuta, pulagi n'kumada mwaye.

Ndiye musanapite kushopu tsegulani bokosilo muone imene munali. Ngati inali siponji, gulani siponji ya njinga yanuyo, osati yodula pa matiresi, ndipo mutenge yakaleyo mukayerekeze kukula kwake. Ngati njinga inabwera ndi yapepala, bwezeranimo yapepala yokwana bwino, osakakamiza siponji pamalo posayenera. Thumba likalola gulani masiponji awiri, ina izikhala yopakidwa kale m'jumbo pamene inzake ili pa ntchito. Yong'ambikayo musayende nayonso ngakhale mawa lokha, ndipo poika yatsopano mupukute kaye m'kati mwa bokosi ndi kansalu konyowa.