Kuyamba u-DJ kuno ku Joni

Achimwene, mwafunsa ngati mungayambe u-DJ kuno ku Johannesburg mulibe zida, n'kudzafika pa wailesi. N'zotheka.

Malo ambiri ovinira ali kale ndi makina a Pioneer, inu mungonyamula mahedifoni ndi ma USB awiri. Nyimbo muzikonzeretu mu rekordbox, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera nyimbo za makinawa, ndipo USB ikhale yofomatidwa mu FAT32. Makina akale amakana USB yofomatidwa mu exFAT, mungaime njo anthu akudikira. Amapiano amayenda modekha, pafupifupi 112 BPM (mabiti 112 pa mphindi), chonde musawathamangitse ngati house.

Za wailesi, musathamangire ku YFM kapena Metro FM. Yambirani pa wailesi za m'madera monga Alex FM kapena Jozi FM, muwatumizire mawu anu ojambula a mphindi zitatu. Koma mapepala ogwirira ntchito akhale olongosoka kaye.