Kombe, sangowa ndi funso la mtsikana wa ku Ngabu

Kalata imeneyi inafika pa imelo Lachiwiri usiku, ndipo ndakhala nayo masiku asanu osayankha. Walemba ndi mtsikana wa ku Ngabu amene ali chaka chachitatu ku yunivesite. Akufuna kupitiriza ndi kafukufuku wa mankhwala opezeka m'zomera, koma bambo ake akuti umenewo ndi using'anga wovala gauni yoyera, ndalama zawo za thonje zisathere pa mizu. Funso lake ndi lalifupi: kodi muli ndalama m'zimenezi?

Achemwali, ndachedwa kuyankha chifukwa mwandigunda pachilonda.

Madzi osefukira a 2015 atatisiya manja ali m'khosi, chaka chotsatiracho ine ndi amayi asanu ndi awiri a kumpingo kwathu ku Bangula tinayamba kuyanika masamba a sangowa, mtengo umene akumtunda amati cham'mwamba. Kuno sangowa si wachilendo. Ndi mpanda wa pakhomo, ndi ndiwo ya mu Okutobala pamene dzuwa lapsereza chilichonse ndipo mbuzi zikudya makatoni pamsika. Tinamva kuti m'tauni ufa wake ukuyenda malonda. Tinkathyola masamba m'mamawa, kuwatsuka, kuwayala pa mikeka m'nyumba ya udzu kuti asachite chikasu ndi dzuwa, kenako kusinja mumtondo ndi kusefa kawiri. Mayi mmodzi wachikulire ankasefa atamanga chitenje kukamwa, nsidze zake zitasanduka zobiriwira. Miyezi itatu inatipatsa matumba atatu.

Ndinawakweza pa minibasi, tinawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, tinadutsa pa Thabwa n'kukwera zitunda zija mpaka ku Blantyre. Wogula anamasula thumba limodzi, anatapa ufa, ananunkhiza, anavomera kuti ndi wabwino. Kenako anafunsa pepala. Chinyezi chake ndi chochuluka bwanji? Muli chuku kapena ayi? Tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba munayezetsa? Ine ndinali ndi lisiti ya minibasi basi. Ananditchulira mtengo woti utangokwanira thiransipoti ndi mchere, akuti poti kuyezetsako alipira yekha. Ndinagulitsa. Ndikanabwerera nawo kuti? Madzulo omwewo ndinalowa m'sitolo ina yaikulu, ndinaona kabotolo ka ufa wa mtundu womwewo, kokwana m'dzanja, kali ndi chizindikiro choti kanayezedwa, mtengo wake woposa umene ndinalandira pa ndowa yathunthu.

Chimene sindidzaiwala ndi tsiku logawana ndalamazo pansi pa mtengo wa nimu kutchalitchi. Palibe anandikalipira. Mayi wosefa uja anawerenga zake, anazimanga pa nsonga ya chitenje, anati "takhuta," n'kunyamuka. Bola akanandinyoza.

Ndiye mukandifunsa ngati muli ndalama, ine ndikuti zilimo, ndinaziona ndi maso anga zili pa shelefu. Kungoti sizipita kwa wothyola masamba. Zimapita kwa amene wayeza.

Ndipo nkhaniyi sinayambe ndi ife. Bambo anu muwafunse ngati anamvapo za kombe. Ndi chomera choyanga chimene Amang'anja a m'chigwa muno ankasinja njere zake n'kupaka ku mivi posaka nyama. David Livingstone atafika mu Shire m'chaka cha 1859, n'kumaima kwa mfumu Chibisa kufupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero, anali ndi dokotala wodziwanso za zomera dzina lake John Kirk. Kirk anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Atatsuka mano anamva kuwawa mkamwa, ndipo anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Njerezo zinapita ku Edinburgh, komwe Thomas Fraser anazifufuza kwa zaka zambiri, n'kupatulamo chimene chimagwira mtima, strophanthin. Pofika 1885 anali atauza madokotala anzake kuti ndi mankhwala a matenda a mtima, ndipo kampani ya Burroughs Wellcome ku London inayamba kuwagulitsa m'mabotolo. Dzina la sayansi la chomeracho mpaka lero ndi Strophanthus kombe. Liwu lathu lili m'mabuku a dziko lonse. Makolo athu gawo lawo linali kutola njere m'tchire ndi kusenza matumba kupita nawo ku sitima.

Taonani, zaka zoposa 130 pakati pa matumba a kombe ndi matumba anga a sangowa, njira yake ndi yomweyo. Ichi chimandipweteka kuposa madzi osefukira, chifukwa madzi sitingawaletse koma ichi tingathe.

Pano ndilankhule mosapsatira, ena akwiye. Adani a ntchito imene mukuifunayi si bambo anu. Bambo anu akuopa zimene aona: anyamata a m'mabasi ndi pa Facebook ogulitsa botolo limodzi loti likuchiza shuga, BP, khansa, kusabereka ndi Edzi yomwe. Ndinaikapo maliro a mnzanga amene anasiya ma ARV chifukwa cha botolo lotere. Anthu amenewa ndi akuba, ndipo amaipitsa dzina la agogo athu amene ankadziwa muzu umodzi wa nthenda imodzi, n'kumanena poyera kuti iyi yandikanika, pitani kuchipatala. Mbali inayi kuli ophunzira amene akamva mawu oti zitsamba amakwinya nkhope. Komatu LA amene akhala akutipatsa kuchipatala kuyambira 2007 tikadwala malungo, gwero lake ndi chitsamba cha ku China, Artemisia annua. Mayi Tu Youyou ndi gulu lawo anasanthula njira zakale zochizira zoposa 2,000 asanapeze artemisinin mu 1972, ndipo anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2015. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona. Vincristine, amene amathandiza ana odwala khansa, anachokera ku kaduwa ka periwinkle ka ku Madagascar, komwe kaja timabzala m'mbali mwa khonde mbuzi n'kumakalambalala. Kusiyana kwa mankhwala amenewa ndi botolo la m'basi n'kwakuti wina anakhala pansi n'kupeza chimene chikugwira ntchito, mlingo wake, ndi mlingo umene umapha.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha ombwe, ena amati mthuthu, chitsamba chophera nsomba chija chimene alimi amapoperanso mbewu ndi kuthira m'nkhokwe. Alimi ena ankati chimapha tizilombo, ena ankati n'zabodza. Ofufuza a ku Mzuzu University pamodzi ndi anzawo a ku Britain atayeza masamba ochokera m'madera osiyanasiyana m'Malawi muno anapeza kuti onse ankanena zoona. Pali mitundu iwiri yofanana ndithu m'maso, wina uli ndi mankhwala ophera tizilombo aja, wina ulibe. Mlimi angabzale mpanda wonse wa mtundu wopanda kanthuwo, n'kumadziimba mlandu kuti sakudziwa kusakaniza. Amene angamuuze ndi munthu wa mu labotale yekha. Ngati umenewo ndi using'anga, ndiye tikuufuna m'boma lililonse.

Ndikakumbukiranso za njere za sangowa mtima umandiwawa. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku University of Leicester ndi a ku Polytechnic anayesa njerezi pa malo oyeretsera madzi ku Thyolo, ndipo zinadekhetsa matope m'madzi a mumtsinje mofanana ndi mankhwala ogula kunja. Njere zake anagula kwa anthu a ku Nsanje konkuno. Chimphepo cha Freddy chitadutsa mu 2023, anthu m'misasa ankamwa madzi a matope, mitengo ya sangowa ili poteropo. Zoona, njerezo sizilowa m'malo mwa klorini, koma madzi odekha klorini amagwiramo bwino. Nzeru inapezeka kalekale. Anasowa ndi munthu woitsitsa ku Thabwa.

Nanga ndalamazo zili pati?

Musalote zotulukira mankhwala atsopano a khansa muli nokha. Njira imeneyo imadya zaka zoposa khumi ndi chuma chimene ngakhale boma lathu lilibe. Ndalama zapafupi zili m'zinthu zimene tikuponda tsiku ndi tsiku. Ufa wa malambe unaloledwa kugulitsidwa ngati chakudya m'maiko a European Union mu 2008, bungwe la PhytoTrade Africa litapereka umboni wa mu labotale, ndipo kuyambira pamenepo zipatso zimene ana ankagenda ndi miyala zili ndi msika kunja. Njere zake zimatulutsa mafuta odzola. Nimu ali ndi azadirachtin amene amaletsa tizilombo kudya mbewu, ndipo kuno nimu ali pa sukulu iliyonse, njere zake tikuzisesa n'kutentha. Pali mvunguti umene makampani a zodzoladzola amaufuna, pali bwemba, pali masawu amene ife timangowadziwira ku kachasu. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ikuchokera ku Kapichira, ndipo aliyense akungoganiza za nzimbe ngati za ku Nchalo. Ndani akuganiza za munda wa sangowa wokhala ndi choumitsira chaukhondo pambali pake?

Za umwini nazonso muziphunzire, musazisiyire maloya okha. Pangano la Nagoya la 2010, limene Malawi analowamo, limati wotenga chomera kapena nzeru za anthu a dera ayambe wapempha ndipo agawane nawo phindu. Ku South Africa, mu 2019, a Khoi ndi a San anagwirizana ndi makampani a tiyi wa rooibos kuti azilandira 1.5 peresenti ya mtengo wogulira pamunda. Ndi yochepa, koma a kombe sanaone ngakhale imeneyo. Mafumu athu ambiri sadziwa kuti pangano lotere liliko, ndipo alendo onyamula zikwama amafikabe m'midzi kufunsa agogo mayina a mizu.

Yankho langa ndi ili: pitirizani. Sankhani chomera chimodzi cha kwanu, osati khumi. Limbikirani pa luso loyeza, chifukwa limenelo lidzakudyetsani ngakhale kafukufuku atasowa thandizo. A Malawi Bureau of Standards, a PMRA (bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno) ndi makampani a zakudya amafuna anthu otero. Chomera chanucho mukachitsimikizire dzina ku National Herbarium ku Zomba musanayambe china chilichonse, ndipo mufunse aphunzitsi anu za amene akuchita zofananazo m'mayunivesite a KUHeS, MUST ndi LUANAR. Bambo musakangane nawo. Iwo amadziwa bwino kuti thonje lawo mtengo wake amautchula ndi mwini sikelo, ndiye muwauze kuti mukuphunzira kugwira sikeloyo.

Amayi anayi mwa asanu ndi awiri aja akuyanikabe sangowa. Mukabwera ku tchuthi mundilembere, Ngabu ndi Bangula si patali. Ndikupatsani ufa pang'ono m'timapepala tosiyana, wa mayi aliyense payekha, mukatiyezere chinyezi ndi chuku.