Akuti anakulira kunyanja, ndiye tiwakhulupirire?

Mayi wina wa ku Johannesburg wandilembera imelo. Pa Khirisimasi akupita ndi ana ku Durban, ndipo bambo a kunyumba akuti palibe choopa poti anakulira ku Nkhotakota.

Mayi, mawu amenewo amandipsetsa mtima, ndawamva kambirimbiri kuno ku Cape Town. Inenso kwathu ndi ku Senga Bay, mwera ndimaudziwa. Koma mwera umachenjeza, asodzi amakokera mabwato kumtunda. Rip current sachenjeza. Mafunde akaunjika madzi kugombe, madziwo amafuna pobwerera, ndiye amaboola ngalande mumchenga n'kuthamanga ngati mtsinje kulowera pakati pa nyanja. Pamenepo mafunde saswekapo, madzi amaoneka oderapo ndi odekha, ndipo ndi pomwe makolo amasankhira ana awo.

Msuweni wanga anayamba kudumpha m'bwato asanayambe sukulu. Ku gombe la Strandfontein kuno ku Cape Town anaima m'madzi olekeza m'chiuno, akutikola kuti tibwere. Posakhalitsa tinkangoona mutu ukunka nuchepa. Ankapalasa kulunjika kwa ife ndi mphamvu zake zonse, koma osasendera. Lifeguard, wopulumutsa anthu pagombe, anamutulutsa akusanza madzi amchere, milomo ili mbuu. Mpaka lero amati mwendo unangochita dzanzi. Amuna ife!

Ndipo ndinene: magulu athu a kutchalitchi ndi a maliro amene amachita hayala basi yopita kugombe pa 26 December akulakwa. Msonkhano wonse umathera pa nkhuku, mpunga ndi amene sanasonkhe. Za mbendera zosonyeza malo osambira palibe amatchula. Wina amalowa m'madzi atamwa kale, atavala jinzi. A NSRI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja kuno ku South Africa, akhala akuika zoyandamitsa za pinki m'magombe kuyambira 2017, koma anzathu ena amangojambulitsa pomwepo zithunzi za pa Facebook.

Tsono muchite chiyani?

Sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pokha, pamene pali ma lifeguard. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, madzi amakoka kwambiri. Akakukokani musalimbane nawo: yandamani chagada, kwezani dzanja, ndipo ngati mphamvu zilipo sambirani motsata gombe mpaka mutatulukamo. Sakumizani pansi, chimapha ndi kutopa ndi mantha. Mwana akatengedwa kuwani, ponyani choyandama, imbani 112. Bambo a ku Nkhotakotawo muwawerengere ndimeyi mokweza musanakwere basi.