Kodi maapozi a kumaiko ozizira angabereke ku Johannesburg?

Funso: Ndimagwira ntchito ya m'dimba ku Randburg, ndipo mbande zanga za mango zimapsa ndi chisanu mu Juni. Nanga maapozi a ku Canada amapirira bwanji, ndipo kodi ndingawabzale kuno? Wowerenga, Randburg.

Yankho: Bambo, mitengo imeneyo ndi ntchito ya akatswiri. Iwo amatenga mungu wa mtengo wopirira chisanu, monga maapozi akutchire a ku Siberia omwe zipatso zake n'zazing'ono ndi zowawasa, n'kuupaka pa maluwa a mtengo wa zipatso zokoma, kenako amafesa njere zambirimbiri. Mbande zofooka zimafa ndi chisanu, zotsalazo amazilawa zipatso, ndipo yopambana amaichulukitsa pomezanitsa. Ntchitoyi imadya zaka makumi angapo. Ivan Michurin wa ku Russia, yemwe anamwalira mu 1935, anatchuka nayo, ndipo yunivesite ya Minnesota ku America inatulutsa mtundu wa maapozi wotchedwa Honeycrisp mu 1991.

Komabe sitikukulangizani kuwabzala, chifukwa mitunduyi imafuna kuzizira kwa nthawi yaitali kuti iphukire bwino, pomwe kuno chisanu chimagwa usiku, masana dzuwa n'kuwala. Mapichesi ndiwo amachita bwino; kafunseni ku nazale mitundu yoyenera dera lanu.